Tileke Kunamizila Netiweki

Ni tsiku lotsiliza kulembetsa pa koleji. Mtsikana wa ku Kanyama wagula bundle na ndalama ya basi, wakhala mamineti 40 kudzaza fomu pa foni. Wadina "Submit", webusaiti yamubweza pa login. Zonse zimene analemba zapita. Akadandaula, timamuuza kuti: "Ni netiweki, yesaninso."

Ni bodza, ndipo ise amene timalemba code tidziwa.

Tiyambe na session. Mu PHP, ngati sitinasinthe session.gc_maxlifetime, imakhala pa masekondi 1440. Ni mamineti 24 cabe. Munthu akakhala nthawi yoposa apo osatumiza ciliconse ku seva, session yake ingafafanizidwe. Kodi ndani angadzaze fomu yaitali pa kafoni kakang'ono, kufunafuna nambala ya NRC na ma results, mu mamineti 24? Komanso PHP imasunga ma session m'mafailo pa seva imodzi. Tikaika maseva awili, munthu akagwela pa yaciwili, imamuona monga mlendo. Mankhwala ake si acilendo: kuika ma session pamalo amodzi, monga mu Redis kapena mu database, na kusunga zimene munthu walemba pa tsamba lililonse.

Manje database. MySQL ikabwela imalola ma connection 151, PostgreSQL 100. Code yathu ikatsegula connection osatseka, kapena query imodzi ikacedwa cifukwa tinaiwala index, malo amatha. Apo MySQL imaponya error 1040, "Too many connections". Ise timacita ciani? Restart. Kapena tikweza max_connections kufika 1000, ngati kondakita wopanikiza anthu mu minibasi ya matayala akutha. Seva imatha memory, zonse zaima.

Tisanagwile restart, tilembe SHOW PROCESSLIST. Tikaona mzele wautali wa "Sleep", wolakwa tamupeza: ni ise. Connection yogona ingakhale maola 8 MySQL isanaidule, cifukwa wait_timeout imayambila pa masekondi 28800. Titseke zimene tatsegula. Tisewenzetse connection pool. A PostgreSQL ali na PgBouncer, ndipo ni yaulele.

Ena adzakamba kuti kasitoma analipila zocepa, nthawi inalibe, malaiti anapita. Zoona, timagwila nchito movutikila. Koma kusintha nambala imodzi mu php.ini sikufuna jeneleta. Kuwelenga ma log sikufuna madola. Ndipo tsiku lotsiliza silibwela mobisa: tonse tidziwa kuti anthu adzaunjikana madzulo a tsikulo. N'cifukwa ciani timayesa system na anthu atatu mu ofesi, pa Wi-Fi yothamanga, n'kukamba kuti yapsa?

Netiweki ili na milandu yake, tisaiwonjezele yathu. Mtsikana uja sadziwa kuti session n'ciani. Adziwa cabe kuti abwelela kunyumba wapansi, ndipo dzina lake silili pa list. Error ikabwela mailo, titsegule log tisanatsegule pakamwa.