Imfa ya mwana wa eni si nthano

M'chaka cha 1999 mtsikana wa zaka 18, Hae Min Lee, adaphedwa mumzinda wa Baltimore ku America, ndipo m'chaka cha 2000 bwalo lidapeza bwenzi lake lakale, Adnan Syed, wolakwa. Mu 2014 mtolankhani Sarah Koenig adaufukula mlanduwu m'pologalamu ya pa intaneti yotchedwa Serial, imene anthu miyandamiyanda adaimvera ngati nthano ya madzulo.

Kufukula mlandu si tchimo ayi. Deuteronomo 19 amalamula oweruza kufufuza mboni mosamalitsa, ndipo tonse tikudziwa chimene mboni zonama zidamuchita Naboti. Wolankhulira munthu amene ali m'ndende pachabe akutumikira Mulungu.

Chondisautsa ine n'chakuti omvera ena adadzisandutsa oweruza, nayamba kuloza zala anthu pa intaneti popanda umboni. Ife amene taima pamanda kambirimbiri tikudziwa kuti pali mawu ena osayenera kulankhulidwa pasiwa, mayi wa malemu ali pamphasa. Kodi maikolofoni amawayeretsa mawu otere?

Mu 2022, tsiku limene bwalo lidafafaniza chigamulocho, mlongo wake wa malemuyo, Young Lee, adauza woweruza kuti kwa iye nkhaniyi si pologalamu, koma moyo weniweni. Mabwalo aakulu adabwezeretsa chigamulocho chifukwa banjali silidadziwitsidwe mokwanira. Mu 2025 woweruza adati zaka zimene Syed adakhala m'ndende n'zokwana, koma mlandu wakupha udakali pamutu pake.