Musataye msoja wothyoka mwendo

Apaulendo anzanga, lero ndabwera ndi kamlandu koti tikaweruze basi isanafike pa Shimabala. Mlandu wake ndi wa tuzidole twa pulasitiki tumene timagulira ana pa Khirisimasi: tumasoja, tumagalimoto ndi tundeke twa mu salaula kapena twa m'mashopu a ku Kamwala. January asanathe, twambiri tumakhala tutathyoka kale. Msoja alibe mutu, galimoto yatsala ndi mawilo awiri, ndeke yaduka phiko. Pamenepo amayi atenga tsache, atate ayamba kuwerenga ndalama zimene zawonongeka, ndipo zonse zithera ku chishala kapena mu mufolo. Ine ndikuti tileke kutaya. Chidole chothyoka chimaphunzitsa mwana zambiri kupambana chatsopano, ndipo tauni ngati Kafue ifunika ana amene anaphunzira mwa njira imeneyi.

Mukadutsa mu Nangongwe madzulo ana ataweruka, yang'anani pansi pa mitengo ndi kuseri kwa tuntemba. Mupeza anyamata, nthawi zina ndi atsikana omwe, atagwada pansi ali kalikiliki. Wina watenga mutu wa chidole china n'kuuika pa thupi la msoja. Wina wadula cholembera chotha inki kuti chikhale mfuti yaikulu, waiika pamwamba pa chigubu cha maheu, wapanga mawilo ndi zotsekera mabotolo kapena patapata wakutha, basi kasinja wankhondo wabadwa. Katoni ya Shake Shake yasanduka nyumba ya mfumu, mchenga wasanduka phiri. Akatha kumanga, ajambula malire pansi n'kuyamba kukangana za malamulo: msoja wapansi ayenda mapazi angati, galimoto ingawoloke mtsinje kapena iyayi, amene waponya mwala n'kuphonya ataya chiyani. Ife akuluakulu timangoti, "Bana aba, manje vinyalala vonse ivi ni va chani?" Sitidziwa kuti kwina kwake anthu a ndevu zawo amalipira ndalama zambiri kuti achite zomwezi.

Ku England kuli kampani yotchedwa Games Workshop, imene likulu lake lili ku Nottingham. Inatulutsa masewera a Warhammer mu 1983 ndi Warhammer 40,000 mu 1987. Imagulitsa tumasoja twa pulasitiki twaufupi ngati chala chaching'ono, tosalumikiza: manja paokha, mitu payokha, zida pazokha, zonse zili pa kafuremu. Wogula amadula yekha, kupala ndi kampeni, kumata ndi guluu, kenaka kupenta. Akasonkhanitsa gulu lake lankhondo, amakumana ndi mnzake pa tebulo, apima mtunda ndi tepi, aponya madayisi, ndipo malamulo olembedwa ndiwo amanena amene wapambana. Bokosi limodzi la tumasoja khumi mtengo wake umaposa thumba la unga la 25kg, ndipo tisanawerenge n'komwe ndalama ya kulibweretsa kuno.

Koma tamverani ichi. Pakati pa osewera amenewa, amene amalemekezedwa kwambiri ndi aja osatsata pepala la m'bokosi. Amatenga mkono wa m'bokosi ili, mutu wa m'bokosi lina, chidutswa cha ndeke, kawaya, n'kupanga msoja amene palibenso wina ali naye padziko. Poti ziwalo zigwirane, amaboola kabowo mbali zonse ziwiri n'kulowetsamo kawaya. Mipata amatseka ndi phala lolimba lofanana ndi Pratley Putty imene amakaniko athu amamatira pothontha. Nzeru yomweyi ndi imene inamanga zombo za m'mlengalenga za mu filimu ya Star Wars ya mu 1977: amisiri anagula mabokosi a tuzidole twa akasinja, ndeke ndi zombo zapamadzi, nathyola tuzidutswa n'kutumata pa zombo zawo kuti zioneke ngati makina enieni. Ndipo Games Workshop yomweyo, pamene anyamata atatu anaiyamba ku London mu 1975, inali kupala matabwa a masewera, ena mwa iwo a mtundu wa nsolo yathu yomweyi. Mu December 2024 inalowa pa mndandanda wa makampani 100 akuluakulu a pa msika wa masheya ku London. Kusiyana kwa iwo ndi mwana wa mu Nangongwe n'kwakuti iwo palibe anawalanda zidole zawo n'kuzitaya mu mufolo.

Mwina wina ali pa mpando wakumbuyo akuti, "Nanga kumata zidole kuphunzitsa chani?" Tiyeni tiwerenge. Mwana akayesa kumata chotsekera botolo ndi supaguluu, apeza kuti sichigwira, pamene thupi la galimoto ya chidole ligwira msanga. Waphunzira kuti pulasitiki si imodzi. Zotsekera mabotolo ndi zigubu zambiri ndi za pulasitiki yoterera imene guluu amakana, n'chifukwa chake afunika kuboola ndi msomali n'kumanga ndi waya. Akaika mfuti yolemera pamwamba pa kagalimoto n'kugubuduzika, aphunzira kuti cholemera chiyenera kukhala pansi ndipo mawilo atalikirane. Akaika mutu waukulu pa thupi laling'ono anzake n'kumuseka, aphunzira kupima asanadule. Akapenta pulasitiki yosalala penti n'kusupuka, aphunzira kuyamba wapala ndi sandipepa. Izi ndi zimene wowotcherera zitsulo, pulambala, makaniko ndi kalipentala amachita tsiku lililonse. Ndipo pa kukangana za malamulo paja, ana aphunzira kuwerenga, kudikira nthawi yawo, ndi kuvomera akaluza osaponyerana miyala.

Chifukwa chake nkhaniyi ndailoza ku Kafue n'chakuti tauni imeneyi inamangidwa ndi manja. Mlatho wa njanji pa mtsinje wa Kafue unatha mu 1906. Dziko litalandira ufulu, boma linasankha Kafue kukhala tauni ya mafakitale: Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza, Kafue Textiles of Zambia yopanga nsalu, ndi nyumba za ku Kafue Estates zoti anchito azikhalamo. Amene anakulira kumeneko akumbuka mmene zinthu zinalili, akumbukanso mmene zinakhalira pamene makina a nsalu anakhala chete ndipo anthu ambiri anachotsedwa nchito. Lero ambiri a inu mudzuka kusanache kuyenda makilomita oposa 40 kukafuna nchito ku Lusaka, n'kubwerera kutada. Koma ngakhale lero, fakitale ya zitsulo ya ku Kafue imasungunula zitsulo zakutha n'kupanga zatsopano zomangira nyumba. Kutenga chinthu chakufa n'kuchipatsa nchito ina ndi malonda enieni a tauni ino. Nanga n'chifukwa chiyani mwana akachita zomwezo ndi pulasitiki timuthamangitsa ndi kamkwapulo?

Ndidziwa zimene makolo ena amaopa, ndipo sindizipeputsa. Choyamba ndi nkhondo. Ati mwana wosewera ndi masoja adzakula wokonda ndewu. Dziko lathu ndi la mtendere, ndipo palibe kholo lifuna kulera kaponya. Koma taonani bwino zimene zichitika pansi pa mtengo paja. Ana asanu agwirizana malamulo, wina aluza, aimirira, akonzanso gulu lake, mawa abweranso. Drafti imene madalaivala amasewera pa siteshoni podikira mzere nayonso ndi nkhondo: mudyana, mulowa ufumu, mumaliza mnzanu. Palibe anapita ku polisi chifukwa cha drafti. Mlembi wa ku England H. G. Wells, amene mu 1913 anasindikiza buku la malamulo osewerera tumasoja lotchedwa Little Wars, anali munthu wodana ndi nkhondo zenizeni, ndipo ankaona kuti wosewera nkhondo ya pa tebulo amazindikira msanga kupusa kwa nkhondo yokhetsa magazi. Ngati masoja sakukondweretsani kunyumba kwanu, palibe vuto. Mwana amange siteshoni ya mabasi, ndi maminibasi, makondakita ndi apolisi a pamsewu, apange malamulo a amene adzaza basi msanga. Luso ndi lomwelo.

Chachiwiri ndi ngozi, ndipo apa makolo ali ndi mfundo. Ana amakonda kusungunula pulasitiki pa mbaula kuti imatane. Utsi wake ndi woipa pa chifuwa, makamaka wa mapaipi ndi wa makoko a mawaya a magetsi, ndipo pulasitiki yosungunuka ikadonthera pa khungu imakakamira n'kutentha mpaka mkati. Lezala wotola panjira angathe kubweretsa matenda. Supaguluu imamata zala, ikalowa m'maso ndi nkhani ya ku kiliniki. Tuzidutswa tung'onotung'ono mwana wokwawa angameze. Zonsezi ndi zoona. Koma mukamuletsa, mwana sasiya, amangopita kukachitira kuseri kwa chimbudzi kumene simumuona. Chanzeru ndi kukhala naye pafupi: mumupatse sizasi ndi kapulayala, kuboola ndi msomali wotentha muzichita ndinu panja pamphepo, zigubu zotola zitsukidwe ndi sopo, ndipo za mankhwala a m'munda kapena asidi wa batire asazikhudze n'komwe.

Chachitatu ndi waya. Tisanamizane, ena mwa magalimoto a mawaya okongola aja anachokera pa mpanda wa aneba kapena pa chingwe choyanikapo zovala. Mwana amene lero adula mpanda osadzudzulidwa, mawa adzakhudza za ZESCO, ndipo kumeneko kuli ndende kapena manda. Apa mpamene kholo liyenera kulimba. M'mera mpoyamba. Muuzeni kuti mmisiri amapempha, saba. Pa galaja, kwa wokonza mawailesi ndi mafoni, kwa wokonza njinga, kuli tuzidutswa tumene amataya tsiku lililonse. Mwana akapita ndi ulemu n'kunena kuti, "Ankolo, nipempheko tumawaya utu," ambiri amupatsa, ndipo ena amuonetsa ndi kagwiridwe ka pulayala.

Tikumbukenso chimene chalowa m'malo mwa masewerawa. Mwana amene tamulanda zidole timupatsa foni kuti akhale chete. Pa foni zonse zabwera zopangidwa kale, iye angokankha chala. Akakula pang'ono, chala chomwecho chiphunzira kubetcha. Malaiti akapita, monga mmene anatizunzira mu 2024, foni ifa ndipo mwana asowa chochita, pamene wa zigubu ndi mawaya alibe nazo kanthu za ZESCO.

Anzathu a ku Malawi ali ndi zitsanzo zimene dziko lonse lidziwa. Mu 1990 Karen Lynn Williams anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya oti apangire galimoto yake, ndipo ana a ku America akhala akuliwerenga m'masukulu. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, koma ali ndi zaka 14 anamanga makina a mphepo opanga magetsi ndi njinga yakutha, mapaipi a pulasitiki ndi zitsulo zotola. Anthu a m'mudzi ankamuyesa wamisala poona akutolatola zinyalala. Mu 2019 nkhani yake inatuluka mu filimu. Sindikuti mwana aliyense wa mu Nangongwe adzakhala Kamkwamba. Ndikuti ngati alipo mmodzi, lero ali pansi pa mtengo ndi msoja wopanda mutu, ndipo tsogolo lake lidalira ngati amayi ake asesa kapena asiya.

Tsono tichite chiyani? Kunyumba, pezani katoni imodzi ikhale ya mwana, muzikhala zothyoka zonse. Lamulo likhale lakuti akatha kusewera abweza zonse mu katoni, pabwalo pasatsale kanthu. Mwa njira imeneyi nyumba ikhala yaukhondo, ndipo pulasitiki imene ikanatseka mufolo nthawi ya mvula yapeza nchito. Tonse tikumbuka kolera ya mu 2024 imene inachedwetsa kutsegula masukulu mpaka February, ndipo tidziwa mbali imene mifolo yotsekeka imatengapo.

Kusukulu, makalabu a JETS alipo m'dziko muno kuyambira mu 1968. Aphunzitsi asamangosankha ana okhoza masamu pa pepala. Afunse kuti ndani amapanga magalimoto abwino mu komboni, amuitane, ngakhale akhale uja amakhala kumbuyo kwa kalasi. Kawirikawiri ndi yemweyo. Ndipo ndalama za CDF, zimene mu 2022 zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, zili ndi gawo lolipirira achinyamata maphunziro a luso la manja. Amene mumapita ku misonkhano ya komiti ya chitukuko ya mu wodi, kafunseni ngati sukulu za mu Nangongwe zili ndi tebulo, mapulayala ndi sandipepa zoti ana agwiritse nchito. Mnyamata amene adzapempha basare ya kuwotcherera zitsulo ali ndi zaka 18 ayenera kuti anayamba kugwira chida ali ndi zaka 9.

Inunso a salaula amene mumatsala ndi zidole zothyoka pansi pa belo, musazitaye. Ikani mu kabeseni pambali, mugulitse pa mtengo wa switi. Mudzadabwa amene adzabwera kudzasankha, ndipo adzasankha mosamala kupambana mmene ife timasankhira nsapato.

Madzulo ano mukatsika basi, mwana akakuthamangirani ndi chinthu chooneka ngati galimoto koma chili ndi mapiko ndi mutu wa ng'ona, musafunse kuti chidole munagula chija chili kuti. Mufunseni kuti mawilo anawamanga bwanji, ndipo mukhale pansi mumve yankho lake mpaka amalize.