Njinga yamoto imatha itayenda makilomita angati?

Aliyense wofuna kugula njinga yamoto yakale amayamba wawerama pa kawotchi kali pakati pa mahandulo kaja n'kuwerenga manambala. Akaona 18,000 mtima umakhala m'malo, akaona 60,000 amapukusa mutu n'kutembenuka. Chonsecho kuno kwathu kawotchi kameneka ndiko kamayamba kufa. Waya wake, wochokera ku tayala lakutsogolo, akaduka palibe amataya ndalama kugula wina, chifukwa njinga imayendabe bwinobwino. Ndiye 18,000 mukuonayo mwina ndi pamene wayayo anadukira chaka chatha, ndipo kuchokera tsiku limenelo njingayo yapita kwa Mtandire, ku Area 25 ndi ku Kawale maulendo osawerengeka.

Komabe funsoli ndi loyenera kufunsa, popeza njinga yamoto ndiyo ikudyetsa mabanja ambiri masiku ano, ndipo ambiri anaigula atagulitsa fodya, soya kapena atatenga ngongole ku banki m'khonde.

Ku America ndi ku Ulaya, kumene amasunga mabuku a sevisi, njinga yaing'ono ikafika mamailosi 20,000 kapena 30,000 amati yayenda kwambiri. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, choncho akunena makilomita 32,000 mpaka 48,000. Njinga zikuluzikulu za maulendo ataliatali, monga Honda Gold Wing kapena za BMW, zimadutsa mamailosi 100,000, omwe ndi makilomita 160,000, zikadali zamphamvu. Koma nthawi zambiri manambala amenewa ndi a anthu okwera njinga Loweruka ndi Lamlungu pokha, pa msewu watala, m'nyengo yotentha basi, ndipo chisanu chikayamba amaitsekera m'galaja. Kwa iwo makilomita 48,000 atha kukhala zaka 10.

Tiyerekeze tsopano mnyamata wa kabaza wa ku Limbe amene amayenda makilomita 100 patsiku, masiku 6 pa sabata. Pakutha chaka wadutsa makilomita 30,000. Kumeneku n'chimodzimodzi kuyenda mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe pafupifupi ka 100. Chaka ndi miyezi inayi chabe wafika makilomita 40,000, mtunda wozungulira dziko lonse lapansi. Njinga imene kwa eni ake kuja amati yakalamba, kuno ikadali ndi mapepala apulasitiki pampando.

Ndipo kainjini ka 125 kapena 150cc kamagwira ntchito yoposa msinkhu wake. Pa liwiro limene injini ya galimoto imazungulira ka 2,000 pa mphindi, kainjini ka njinga kamazungulira kawiri kuposa apo, mwinanso kupitirira. Silinda ndi imodzi, pisitoni ndi imodzi, palibe wolandizana naye. Kamazizira ndi mphepo yokha, kalibe madzi ngati galimoto. Mukakakweza chitunda cha ku Thabwa pochokera ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, mutanyamula anthu awiri, pa giya yoyamba, mphepo yokaziziritsa imakhala palibe. N'chifukwa chake kilomita ya njinga simungaiyerekeze ndi kilomita ya galimoto.

Chosangalatsa n'chakuti injini zambiri zimene zili m'misewu yathu zinachokera ku maganizo a anthu amene ankadziwa khalidwe lathu. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a kampani ya Honda anayendera mayiko osauka a ku Asia kukaona mmene anthu ankasamalira njinga. Anapeza oyilo wakuda bii, wosasinthidwa mpaka kuchita phala, sefa ya mpweya itatsekeka ndi fumbi, banja lonse lili pa njinga imodzi. M'malo mowadzudzula, anabwerera kwawo n'kukonza injini yopirira nkhanza zoterozo. Mu 1975 inatuluka Honda CG125, yosavuta kumasula, yokhala ndi sefa ya siponji yotha kuchapidwa. Makampani ambiri a ku China anatengera kapangidwe ka injini imeneyo, ndipo njinga zochuluka zotsika mtengo zimene zafalikira mu Africa ndi zidzukulu zake. Kaya mukwera Lifo, King Lion, kapena Boxer ndi TVS za ku India, zonsezi anazipangira misewu yoipa ndi matumba osaya. Si njinga zosachedwa kufa ayi. Timazipha ndife.

Chozipha choyamba ndi oyilo. Injini yaing'ono imalowa pafupifupi lita imodzi, ndipo lita imodzi yomweyo imasamalira pisitoni, magiya ndi kilatchi. Zambiri zilibe sefa yapepala ya oyilo, zili ndi kasefa kawaya kogwira zinyalala zikuluzikulu zokha. Mabuku a njingazi amanena zosintha oyilo pakadutsa makilomita 2,000 mpaka 4,000, ndipo amachenjeza kuti kofumbi muzisintha msanga. Kwa mnyamata wathu wa ku Limbe uja, kumeneku n'kusintha pafupifupi kamodzi pamwezi. Ndi angati amatero? Ambiri amangothira woonjezera akaona kuti watsika, wakale uja ali momwemo. Ena amagula wopimidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, wosadziwika kumene wachokera. Enanso amathira wa galimoto poganiza kuti oyilo ndi oyilo, osadziwa kuti wina wa galimoto amatereretsa kilatchi ya njinga. Woyenera amakhala ndi chizindikiro cha JASO MA pabotolo, ndipo kuyang'ana chizindikirocho n'kwaulere.

Chachiwiri ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, misewu ya kumudzi imachita kufuka, ndipo fumbi lililonse lodutsa pa sefa yong'ambika limakapala silinda ndi malingi. Alipo amakaniko apansi pa mtengo amene, njinga ikamatsamwa, amangochotsa sefa n'kuitaya, n'kunena kuti tsopano ipuma bwino. Imapumadi bwino miyezi ingapo, kenaka imayamba kutulutsa utsi wobiriwira kumbuyo. Petulo wa m'zigubu naye, nthawi imene mafuta akusowa, amabwera ndi madzi ndi zitsotso zake zimene zimakathera mu kabuleta.

Za katundu sindichulutsa, tonse timaziona. Njinga zazing'onozi anazipangira kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 150, kuphatikizapo woyendetsa. Matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 ndi mwini wake afika kale pamenepo. Ife timaonjezera thumba lachitatu, mayi ndi mwana kumbuyo, ndi nkhuku pa mahandulo.

Koma ndikaunguza bwino, oyilo, fumbi ndi katundu ndi zipatso chabe. Muzu wake uli pa mgwirizano wa mwini njinga ndi woyendetsa. Bwana amagula njinga, amapeza mnyamata, amamuuza ndalama yoti azibweretsa madzulo aliwonse. Tageti ikakwana, zotsala n'za mnyamatayo. Tsono nkhani ya oyilo sikambidwa bwinobwino. Bwana amaganiza kuti mnyamata asintha, popeza ndiye ali nayo tsiku lonse. Mnyamata amaona kuti ndalama ya oyilo ndi ndiwo za ana ake, ndipo ola limene njinga ili kwa makaniko ndi makasitomala atatu apita kwa anzake. Adziphererenji pa chinthu chimene mawa angamulande n'kupatsa wina? Sindimuweruza. Ine ndikanakhala iyeyo, mwina ndikananyamulanso thumba lachitatu lija.

Umboni wake uli pa siteji iliyonse ya kabaza. Yang'anani njinga ya munthu amene amayendetsa yakeyake. Tcheni ndi yonyowa ndi mafuta, pansi pa mpando pali kansanza kopukutira, m'mawa amailiza kaye pang'ono asananyamuke. Yang'ananinso pambali pake njinga yamtundu womwewo, yogulidwa mwezi womwewo, koma ya bwana. Tcheni ikuchita kukhwepa, galasi limodzi palibe. Wotchi zonse ziwiri zikanakhala zamoyo zikanaonetsa makilomita ofanana.

Bungwe la Riders for Health, limene kuno limanyamula magazi ndi zina zokayezetsa kuchokera m'zipatala za kumidzi, linabadwa chifukwa cha nkhani yomweyi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Barry Coleman ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Randy Mamola anapita ku Somalia n'kupeza njinga za azaumoyo zili ndundundu kuseri kwa maofesi, zitayenda mtunda wochepa chabe, chifukwa chosowa wozisamalira. Yankho lawo silinali kugula njinga zokwera mtengo. Anaphunzitsa wokwera aliyense kuyendera njinga yake m'mawa uliwonse, ndipo anakhazikitsa zoti ziwalo zizisinthidwa pa makilomita oikika zisanathyoke. Achikulire akukumbukiranso Yamaha ndi Honda za alangizi a zaulimi zija, zimene zina mwa izo zikuyendabe m'maboma mpaka lero.

Ndiye mukandikakamiza kutchula nambala, ndinena motere. Njinga ya 125 kapena 150cc yosamalidwa ilibe chifukwa chomasulidwira injini isanafike makilomita 50,000. Ikafika apo n'kuikidwa pisitoni, malingi ndi mavavu atsopano, ikhoza kuyendanso mtunda ngati womwewo. Yosasamalidwa ikhoza kuyamba utsi chaka chisanathe. Tcheni, masipuloketi, matayala ndi mabuleki musaziwerengere, zimenezo zimatha basi ndipo zimagulidwa. Kuno njinga imathadi pamene chitsulo chake chachikulu chathyoka n'kuwotcheredwa kawiri katatu mpaka osaongokanso, kapena pamene yachita ngozi. Ndipo zambiri zimathera pa ngozi injini ikadali yabwino, woyendetsa n'kukagona ku chipatala cha Queens kapena cha Kamuzu Central mwendo uli m'chikhakha.

Kwa inu mukufuna kugula yakale, kawotchi kaja kasiyeni. Pitani m'mawa njinga isanalizidwe, gwirani injini mutsimikize kuti ndi yozizira, ndipo ailize inu mukuona. Injini yotopa imabisala ikatentha, koma m'mawa imadziulula ndi utsi ndiponso kugogoda. Tsegulani pothirira oyilo muone mtundu wake, pemphani akuonetseni sefa, suzumirani pansi pa thanki ngati pali powotcherera. Funsaninso kuti ankayendetsa ndani, mwini wake kapena waganyu.

Ndipo inu mabwana a njinga za kabaza, chotsani ndalama ya oyilo pa tageti, mugule nokha botolo lotsekedwa, ndipo tsiku losintha mukaimirire pomwepo. Ngati mungathe, gwirizanani ndi mnyamata wanuyo kuti akamaliza kubweza ndalama mwapanganayo njinga idzakhala yake, ndipo mulemberane pamaso pa mboni.