Dzino Lizulidwe, Moyo Utetezedwe

Dziko la Malawi linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano m'chaka cha 2019, pa sukulu yomwe lero ikutchedwa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba yoona za umoyo wa m'kamwa. Izi ndi zoyamikika, pakuti anthu ambiri adzafikira chithandizo. Komabe pamene anthu opita kukazula mano akuchuluka, tiyenera kudzifunsa ngati chitsulo cholowa m'kamwa mwa wodwala chayeretsedwa mokwanira.

Pozula dzino pamatuluka magazi, ndipo magazi otsalira pa chipangizo angathe kunyamula kachilombo ka HIV kapena tizilombo ta matenda a chiwindi a Hepatitis B ndi C. Ku America izi zinachitikapo. Mu 1990 bungwe la CDC linalengeza za mtsikana wina wa ku Florida amene anatenga HIV kwa dokotala wake wa mano, ndipo kafukufuku anapeza odwala 6 amene anatenga kachilomboko kwa dokotala yemweyo. Mu 2013, mu mzinda wa Tulsa m'dziko lomwelo, anthu pafupifupi 7,000 anapemphedwa kukayezetsa magazi akuluakulu atapeza zipangizo zadzimbiri pa chipatala china cha mano. Kunatsimikizika kuti wodwala mmodzi anatenga Hepatitis C kuchokera kwa wodwala mnzake.

Ambiri mwa ife timaopa Edzi yokha, chonsecho Hepatitis B ndi imene imafala msanga. Munthu akadzibaya ndi singano yokhala ndi magazi a HIV, anthu pafupifupi 3 mwa 1,000 ndi amene amatenga kachilomboko, pamene ndi Hepatitis B chiwerengero chingafike pa 30 mwa 100 ngati munthuyo sanalandire katemera. Kachilombo ka Hepatitis B kamakhalabe ndi mphamvu kunja kwa thupi kwa masiku 7. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa ana kuno kwathu mu 2002, motero akuluakulu ambiri amene anabadwa chakachi chisanafike alibe chitetezo.

Njira zopewera n'zodziwika. Zipangizo zimatsukidwa kaye, kenako zimaikidwa m'makina a nthunzi otentha madigiri 121 kapena 134. Singano imagwira ntchito kamodzi, magolovesi amasinthidwa pa wodwala aliyense, ndipo manja amasambidwa. Kupukuta chitsulo ndi sipiriti n'kosakwanira. Apa ndi pamene pali chiopsezo cha anthu ozula mano m'makomo ndi m'misika popanda chilolezo cha Medical Council of Malawi. Mtengo wawo ndi wotsika, koma alibe makina otere.

Mfundo yaikulu ya azaumoyo ndi yakuti magazi a munthu aliyense aonedwe ngati angathe kupatsira matenda. Mfundoyi ikugwirizana ndi chiphunzitso cha Mpingo pa ulemu wa munthu. Ngati zipangizo zikuyeretsedwa mofanana kwa onse, palibe chifukwa chobwezera kapena kuika kumapeto kwa mzere munthu amene waulula kuti ali ndi HIV. Ndipotu kusala kotere sikuteteza aliyense, chifukwa ambiri amene ali ndi Hepatitis B sadziwa n'komwe kuti ali nayo.

Lamulo lachisanu la Mulungu limatilamula kusamala moyo wathu ndi wa anzathu. Choncho zipatala za Mpingo zomwe zili m'bungwe la CHAM zikhale chitsanzo, ndipo oziyang'anira aike patsogolo makina oyeretsera ndi katemera wa ogwira ntchito. Makatekisiti nawonso atengere uthengawu ku miphakati: dzino likawawa, mkhristu apite kuchipatala chovomerezeka, ndipo asachite manyazi kufunsa mwaulemu ngati singano ndi yatsopano ndiponso ngati zipangizo zayeretsedwa. Kufunsa kotere ndi udindo wa aliyense amene akudziwa kuti moyo ndi mphatso yochokera kwa Mulungu.