ZA KU MIGODI: Kalata Imene Inapitirira Sitima

Mu komboni ya Chipulukusu ku Ndola, imene ena tsopano aicha Mapalo, muli mabanja ocokera ku Chipata, Katete ndi Petauke. Makolo anadza kudzafuna nchito, ndipo ana ao lero ali ponseponse. Tsiku lina mwana amene ali kunja kwa dziko aimba lamya kuti sukulu imene yamlandira ifuna satifiketi yake yeniyeni ya Giredi 12, osati cithunzi cake, ndipo ifike mlungu usanathe. Apa mpamene banja lotere limayamba kufunsa za kampani ya DHL.

Kampani imeneyi si ya boma ai. Inayamba mu 1969 mu mzinda wa San Francisco ku America, ndipo eni ake anali amuna atatu: Adrian Dalsey, Larry Hillblom ndi Robert Lynn. Dzina lake ndi malembo oyamba a maina ao otsiriza. Masiku amenewo sitima za pamadzi zonyamula katundu kupita ku Honolulu, pa zisumbu za Hawaii, zinali kufika pa doko ndi kuima cabe, kuyembekeza kuti a kasitomu aone mapepala a katunduyo. Amuna aja anaganiza zotumiza munthu pa ndeke atanyamula mapepalawo, kuti afike sitima ikali pakati pa nyanja. Sitima pofika inali kupeza zonse zitakonzedwa kale. Eni katundu sanacedwe kuona kuti kulipira mthenga nkochipa kuposa kulipirira sitima yongoima.

M'zaka za m'ma 1970 nchitoyi inafalikira ku Asia, ku Ulaya ndi ku Africa. Mu 2002 positi ya ku Germany, Deutsche Post, inaitenga yonse. Nzoseketsa ndithu kuti kampani imene inakula popikisana ndi mapositi inathera m'manja mwa positi! Lero ifika ku maiko ndi madera oposa 220, ndipo galimoto zake zacikasu za malembo ofiira zioneka m'miseu ya Ndola, Kitwe ndi Lusaka. Muno m'Zambia igwira nchito pambali pa Zampost, positi ya boma imene inapatuka ku PTC mu 1994 ndipo likulu lake lili ku Ndola komweko. Malinga ndi lamulo la 2009, makampani otere ayenera kukhala ndi cilolezo ca bungwe la ZICTA.

Wotumiza amapita ku ofesi ndi citupa cake. Akalaliki amaona zimene zili m'phukusi, naliyesa pa sikelo. Bokosi lalikulu, ngakhale likhale lopepuka, amalilipiritsa monga mwa kukula kwake, pakuti limadya malo m'ndeke. Ndalama zenizeni saloleza kuziika m'katimo. Pomaliza munthu amalandira pepala lokhala ndi nambala ya manambala 10, ndipo ndi nambala imeneyo angathe kuona pa intaneti pamene phukusi lafika. Ngati ndi katundu wocokera kunja, a ZRA angafune msonkho wolandirayo asanampatse, cinthu cimene cimadzidzimutsa ambiri amene anayesa kuti wotumiza analipira zonse.

Bvuto lalikulu ndi keyala. Mthenga wa kampaniyi amafuna khomo ndi munthu wosaina, osati bokosi la ku positi. Koma m'Chipulukusu tinjira tambiri tilibe maina, ndipo mlendo amalondoleredwa ndi mau akuti "kuseri kwa chalichi, pafupi ndi mpopi". Kumudzi ndiye nkoposa. Cotero keyala yeniyeni ya munthu wa m'komboni ndi nambala ya lamya yake. Lamyayo ikakhala yozima, kalata imene yadutsa maiko atatu m'masiku ocepa ingagone mu ofesi ku tauni mlungu wathunthu. Wa ku Chadiza naye ayenera kufunsiratu kumene akatengere phukusi lake.

Mtengo wake ngwokwera, ndipo palibe cifukwa cobisira. Thumba la nshawa locokera kumudzi lipitirize kukwera basi monga kale. Koma satifiketi ija njimodzi yokha. Banja la ku Chipulukusu liyambe laijambulitsa, lisunge risiti, ndipo madzulo omwewo limuwerengere mwana nambala ija pa lamya.