Mnansi Wathu Amene Sataya Kanthu

Sabata ino tiyeni tilingalire za abale athu ena amene vuto lawo silitchulidwa kawirikawiri ngakhale pamisonkhano ya mphakati. Awa ndi anthu amene amalephera kutaya chinthu chilichonse, mpaka nyumba kudzaza, pogona ndi pophikira kusowa.

M'mwezi wa March 1947, apolisi a mumzinda wa New York anathyola nyumba ina ya ku Harlem momwe munkakhala amuna awiri apachibale, Homer ndi Langley Collyer. Anapezamo nyuzipepala zounjikidwa mpaka kudenga, mapiyano 14, mabuku miyandamiyanda, ngakhalenso zitsulo za galimoto yakale. Homer, amene anali wosaona komanso wopuwala, anali atamwalira atakhala masiku osadya. Mtembo wa Langley, yemwe ankamudyetsa, unapezeka patapita milungu yoposa iwiri, utapsinjidwa ndi mulu wa katundu pafupi ndi mbale wakeyo. Zimene anazitulutsa m'nyumbamo zinaposa matani 100.

Masiku amenewo anthu ankakhamukira kunyumbako kukaonerera. Lero tikudziwa zambiri. Mu 1996 Randy Frost ndi Tamara Hartl anafotokoza mmene maganizo a munthu wotere amagwirira ntchito. Mu 2013 bungwe la American Psychiatric Association linavomereza kuti amenewa ndi matenda apaokha, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika m'kaundula wake wa matenda amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Kafukufuku wochitidwa makamaka ku Ulaya ndi ku America amaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse, awiri kapena atatu ali ndi vutoli.

Tisasokoneze zinthu. Kwathu kuno kusunga ndi nzeru. Chigubu cha mafuta ophikira chimasanduka chotungira madzi, thumba la feteleza limasunga chimanga, ndipo agogo amene anaona njala ya mu 1949 kapena ya mu 2002 sataya chinthu mwachisawawa. Ameneyo si wodwala ayi. Matenda amadziwika ndi zinthu zitatu. Choyamba, munthu amamva ululu weniweni akaganiza zotaya chinthu, chingakhale jumbo yong'ambika kapena batire lakutha. Chachiwiri, zinthuzo zimaunjikana mpaka chipinda chimaleka kugwira ntchito yake. Chachitatu, moyo wake umasokonekera: makoswe ndi mphemvu zimaswana, kandulo imodzi magetsi akazima ingathe kuotcha nyumba yonse, ndipo chifukwa cha manyazi salolanso mlendo kulowa.

Achinyamata, nkhaniyi ikutikhudza chifukwa zizindikiro zake zimayamba munthu ali ndi zaka zapakati pa 11 ndi 15, kenaka n'kumakula pang'onopang'ono mpaka kuukalamba. Vutoli limayenda m'magazi m'mabanja ena. Wodwalayo amavutika kupanga chiganizo: akagwira pepala amaopa kuti mwina mawa adzalifuna, ndiye amangoliika pamulu. Kwa ena chinthu chilichonse chimakhala chikumbutso, kotero kutaya malaya a malemu kuli ngati kuwaikanso m'manda kachiwiri. N'chifukwa chake vutoli limakula pambuyo pa maliro kapena kutha kwa banja. Pafupifupi atatu mwa anayi alionse amakhalanso ndi matenda a nkhawa kapena okhumudwa.

Maganizo athu ndi akuti anthu otere amavulazidwa kwambiri ndi anansi amene amaweruza asanamvetse. Ena amawatcha auve ndi aulesi. Ena akaona gogo wokhala yekha pakati pa mabotolo ndi nsanza amayamba kunong'onezana za ufiti, ndipo tikudziwa kumene manong'onong'o otere amathera: mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti. Enanso amafulumira kuwalalikira za munthu wachuma wopusa uja amene anakulitsa nkhokwe zake. Koma iye uja ankanyadira chuma chake, pamene mbale wathuyu amagona pampando chifukwa bedi ladzaza ndi zinthu zimene sangagulitse ngakhale pa K100. Umbombo umafuna kulapa. Matenda amafuna chithandizo.

Pali chiyeso china chimene chimaoneka ngati ntchito yachifundo. Gulu la achinyamata lingathe kupangana Loweruka lina, kutenga mawilibala ndi mafosholo, n'kukasesa nyumba yonse mwini wake akulira. Akatswiri anaona kuti nyumba yoyeretsedwa mokakamiza imadzazanso pakapita nthawi, ndipo mwini wake sakhulupiriranso aliyense. Zinyalala zachoka, koma mantha amene anaziunjika akadalipo.

Chithandizo chimene chaonetsa zipatso ndi cha uphungu chotchedwa CBT, chimene Frost ndi Gail Steketee anachikonza kuti chigwirizane ndi matendawa. Mphungu amafika kunyumba. Wodwalayo amasankha yekha kanthu kamodzi kakang'ono, amakataya, n'kudikira mpaka aone kuti nkhawa yake yatsika ndipo palibe choopsa chachitika. Amaphunziranso kuyenda mumsika, kudutsa pa kaunjika, n'kubwerera chimanjamanja. Ntchitoyi imatenga miyezi yambiri, ndipo ambiri sachira kotheratu, komabe amapezanso pogona ndi pophikira. Ngati pali matenda okhumudwa, dokotala amaperekanso mankhwala. M'dziko muno tingafunse thandizo kwa azaumoyo oona za matenda a maganizo m'zipatala za m'maboma, ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Yohane wa Mulungu Woyera, amene malowa amadziwika ndi dzina lake, anatsekeredwapo yekha m'chipinda cha odwala misala ku Granada, kumene anakwapulidwa monga ankachitira masiku amenewo. Atatuluka anapereka moyo wake wonse posamalira odwala mwaulemu.

Wina angafunse kuti, nanga ngati m'nyumbamo muli ana, kapena moto ungabuke, tizingodikira? Ayi. Moyo ukakhala pachiswe, achibale, amfumu ndi alangizi a zaumoyo ayenera kulowererapo msanga. Komabe tiyambe ndi zofunikira: khomo litseguke bwino, mapepala achoke pafupi ndi mbaula, pogona papezeke. Zinazo zidikire. Tipemphe chilolezo tisanagwire chinthu. Tisajambule zithunzi zotumiza pa WhatsApp. Tibwerenso sabata yotsatira ngakhale pachoka thumba limodzi lokha, pakuti kuona maso ankhono n'kudekha.

Sabata ino aliyense aganizire nyumba imene anthu a mumphakati mwake analeka kulowamo. Tipiteko awiriawiri, tikapereke moni, tikakhale pakhonde ngati m'katimo mulibe malo. Ambuye atipatse mtima woleza, ndipo akudalitseni nonse.