MPHAKA ASAFERE MLANDU WA UTITIRI

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu zonse, kuyambira ku Makanjira kufikira ku Monkey Bay, ndi ku Malombe komwe, tamverani.

Dandaulo limene timalimva kawirikawiri kwa amayi ndi la utitiri, umene ena amati nthata. Ana sagona, miyendo ili zilonda zokhazokha chifukwa cha kukanda, ndipo mlendo akagona usiku umodzi amatsazika mbandakucha osadikira phala. Pofuna wolakwa, ambiri aloza mphaka. Ena akamtaya kuthengo, ena amponya m'nyanja ali m'thumba, ena amthirira tameki m'chakudya. Ife tikuti kutero ndi kulakwa, ndipo tifotokoza chifukwa chake.

Ndi zoona kuti utitiri umakwera mphaka ndi galu ndi kumwa magazi awo. Koma umene timauona pa ubweyawo ndi wochepa. Odziwa za ziweto amati pa utitiri 100 wa m'nyumba, ngati 5 wokha ndiwo uli pa chiweto. Wotsalawo ndi mazira, timphutsi ndi tizikwa, ndipo zonsezi zili pansi. Waukazi umodzi ungathe kuikira mazira 40 kapena 50 pa tsiku. Mazirawo samamatira ku ubweya ayi; amagwera pa mphasa, m'ming'alu ya pansi ndi m'fumbi la kuseri kwa mtsuko. Kuno kunyanja kumene kumatentha, masabata awiri kapena atatu akwana kuti dzira lisanduke utitiri woluma. Umene uli m'chikwa ungathe kudikira miyezi, kufikira utamva mapazi a munthu. Chotero mukachotsa mphaka lero, utitiri wa pansi uja udzatuluka ndi njala, ndipo posapeza mphaka udzadya inu ndi ana anu.

Taganizaninso za ntchito ya mphaka pakhomo. Ife ndife anthu a usipa ndi utaka pathandala, chimanga m'nkhokwe ndi mpunga m'matumba. Zonsezi zimaitana makoswe, ndipo khoswe ali ndi utitiri wakewake, woopsa kuposa wa mphaka, pakuti ndiwo umanyamula mliri wa makoswe. Nthenda imeneyi si nthano ya makolo. Inagwa ku Nsanje mu 1997, inabweranso komweko mu 2002, ndipo mu 2015 inagwira abale athu a ku Nyimba m'dziko la Zambia. Khoswe wodwala akafa, utitiri wake umamsiya ndi kufuna magazi ena, ndiwo a munthu. Munthuyo amatentha thupi ndi kutupa mwanabere m'ntchafu, m'khwapa kapena m'khosi. Mankhwala alipo, koma wodwala afike kuchipatala tsiku lomwelo. Mukaona makoswe akungofa okha m'mudzi, musawagwire ndi manja. Kauzeni mlangizi wa zaumoyo msanga. Ndipo wofuna kupha makoswe ayambe wapha utitiri, kuopa kuti ungasamukire pa anthu. Nanga tsono tiphe bwanji mlonda ndi kutsegulira mbala chitseko?

Wina adzati, "Ine ndidzasamala nyumba yanga, za anzanga nzawo." Mbale ameneyu akumbuke za matekenya, amene ali mtundu wina wa utitiri, wokonda mchenga ngati wathu uno. Kale kuno kunalibe matekenya. Amati anafika mu Africa mu 1872, pa doko la Ambriz ku Angola, m'sitima yochokera ku Brazil. M'zaka za m'ma 1890, nthawi imene Azungu ankamanga boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, anali atafika m'dziko lino ndi kupundula anthu zala. Kanthu kamene kanadutsa maiko m'zaka ngati makumi awiri, kodi kangaope mpanda wa udzu wolekanitsa nyumba yanu ndi ya mnansi wanu? Amphaka, agalu ndi makoswe amayenda khomo ndi khomo usiku wonse. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chifukwa chake tikupempha nthambi iliyonse kuti ikambirane ndi mfumu ya mudzi ndi kusankha tsiku limodzi loti makomo onse agwire ntchito iyi pamodzi.

Choyamba, tulutsani mphasa, mikeka, zofunda ndi masaka onse amene mphaka amagonapo. Zochapika zichapidwe ndi madzi otentha ndi sopo, zina zikunthidwe ndi kukhala padzuwa tsiku lonse.

Chachiwiri, sesani nyumba yonse, makamaka kunsi kwa kama ndi m'mbali mwa zipupa. Zinyalala musazisiye pakhonde, zitentheni pomwepo.

Chachitatu, zirani nyumba ndi kutseka ming'alu yonse ndi mauna a makoswe. Pansi posalala timphutsi tilibe pobisala.

Chachinayi, mphaka mumsambitse ndi madzi ofunda ndi sopo, kapena mumpese ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono ndi kumiza utitiriwo m'madzi a sopo. Galu asaiwalike. Mankhwala funsani kwa mlangizi wa ziweto, pakuti ena opangira agalu amapha mphaka. Mankhwala opopera thonje asakhudze chiweto kapena mphasa ya ana, ndipo tameki asalowe m'nyumba muli mwana wokwawa.

Chachisanu, bwerezani ntchitoyi sabata ndi sabata kwa miyezi iwiri kapena itatu. Apa ndipo ambiri amagwa ulesi. Amasesa kamodzi, nkuona utitiri wabweranso, nkunena kuti wina wawalodza. Palibe wakulodzani, abale. Ndi tizikwa tija taswa.

Mwina ena adzaseka kuti anthu a ndale ayamba kulemba za utitiri. Aseke. Ufulu umene tinalandira mu 1964 sunabwere ndi tsache m'manja. Tsache ndi lathu. Mwana amene wachezera kukanda amaodzera m'kalasi, ndipo msodzi wosagona sakoka bwino khoka. Nthambi imene ingathe kuitana anthu ku msonkhano wa chisankho koma ilephera kuwaitana kuti asese, mphamvu yake ili pakamwa pokha.

Tsono ntchito iyambire kwa wapampando, mlembi ndi msungichuma. Mphasa zawo zioneke padzuwa anthu onse asanatulutse zawo. Gulu la amayi litsogolere kuzira. Anyamata athandize nkhalamba ndi odwala amene sangathe kunyamula dothi, pakuti nyumba imodzi yotsala idzabwezera utitiri mudzi wonse. Alembi atilembere mayina a midzi imene yamaliza, kuti tidzaitchule m'kalata yotsatira.